Nyumba Yatha, Malipiro Kulibe

Mwezi uno sitikubweretserani nkhani ya kutali ai. Ndi ya m'banja mwathu momwe, ndipo tisanaloze chala munthu wina aliyense, tiyenera kuvomera kuti chiyambi cha vutoli ndife amene tikulembafe.

Linali Lachitatu madzulo, mvula yoyamba itangonyowetsa fumbi la ku Mchini, pamene mphwathu, mwana wa mlongo wathu wamng'ono, anafika pakhomo akukankha njinga. Iyeyu ndi mmisiri womanga nyumba, bambo wa ana atatu, munthu amene masiku onse amalowa pakhomo pathu ndi nthabwala. Tsiku limeneli anangotsamiritsa njinga ku mtengo wa mango nakhala chete. Amai akunyumba anamuikira nsima, koma iye anangotema mbamu ziwiri nasamba m'manja.

"Amalume," anatero potsiriza, "ndabwera kudzatsazika. Usiku uno ndikupita kukazula zitseko ndi kukasasula malata pa nyumba ija. Akandimanga, mudzandionere ana."

Nkhani yake inali yotere. Bambo wina wa malonda, mwini sitolo m'tauni muno, anampatsa ntchito yomanga nyumba ya zipinda zinai pa puloti yake kumalire kwa mzinda. Zipangizo zonse, njerwa, simenti, matabwa ndi malata, zinali za mwini nyumba. Mphwathu anayenera kubweretsa manja ake ndi anyamata ake. Anapangana K42,000 kuyambira pa maziko mpaka pa denga ndi pulasitala. Ntchito ili m'kati, bamboyo ankapereka pang'onopang'ono, lero K2,000, sabata ina K1,500, mpaka zonse pamodzi zinakwana K17,000. Nyumba itatha analandira makiyi ndi chimwemwe, naikamo anthu a lendi. Koma K25,000 yotsalayo inasanduka nkhani ya mawa. Poyamba ankati katundu wake wachedwa pa chipata cha Mwami; kenaka ankati mwezi uthe kaye; pomaliza foni inaleka kuyankhidwa. Pamene mphwathu ankafika kwa ife n'kuti itapita miyezi isanu ndi iwiri.

Musaganize kuti ndalamazo zinali zake yekha. Anyamata atatu amene ankamsakanizira daka ndi kumnyamulira njerwa anali asanalandire malipiro a miyezi iwiri. Mmodzi wa iwo anali atatenga wilibala ya mphwathu n'kukaitsekera kwao ngati chikole. Pofuna kuwatonthoza, iye anakatenga K3,000 ya kaloba, ndipo nonsenu mudziwa mmene kaloba imaberekera mwezi ndi mwezi. Mvula inali itayamba, koma m'nyumba mwake munalibe ngakhale thumba limodzi la feteleza.

Tsono mbali yathu ndi iyi. Anthu awiriwa tinawakumanitsa ndife, panja pa tchalitchi, Misa itatha. Bambo wa sitoloyo timapemphera naye mu mphakati umodzi, ndipo atatifunsa za mmisiri wokhulupirika tinamlozera mphwathu. Tikukumbukira bwino lomwe kuti mnyamatayo anatinong'oneza kuti, "Amalume, kodi tisalemberane?" Ife tinamdzudzula kuti, "Pakati pa akhristu pepala n'lachiyani? Uwachititsa manyazi akuluakulu." Mau athu amenewo ndiwo anagoneka ana ake ndi njala.

Tikulemba izi podziwa kuti mphwathu sali yekha. Chipata anapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2017, ndipo amene ayenda njira ya ku Lundazi, ya ku Mfuwe kapena ya ku Chadiza aona mmene nyumba zatsopano zikumerera. Mu 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo ntchito zomanga zipinda zophunziriramo ndi zokhoma madesiki zinachuluka. Omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo, okumba zitsime ndi atelala osoka mayunifomu akupeza ntchito kuposa kale. Koma ambiri a iwo amagwira ntchito za ndalama zambiri ndi pangano la pakamwa chabe, ndipo akamanidwa malipiro sadziwa khomo loti agogode.

Njira zitatu zimene zimapweteka mwini wake

Usiku umenewo tinayamba ndi kumletsa mphwathu ulendo wake. Pa malamulo, chitseko kapena lata likangokhomedwa pa nyumba limakhala mbali ya nyumbayo, ndipo nyumbayo ndi ya mwini puloti, ngakhale mmisiri sanalipidwe. Munthu wolowa pa malo a wina usiku n'kuononga katundu wapalamula mlandu wa chilango. Akanatero, wodandaula akanasanduka wozengedwa, ndipo wangongole akanapeza chonamizira chabwino kwambiri chosaperekera ngakhale ngwee imodzi.

Njira yachiwiri imene ambiri amathamangira ndi ya kupolisi. Tiyenera kumvetsa kuti ngongole si mlandu wa chilango. Ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri. Apolisi akhoza kuitana onse awiri n'kuwalankhula, koma alibe mphamvu yogamula kuti wina alipire, kapena yotsekera munthu m'chitokosi chifukwa choti walephera kubweza ndalama. Nkhani imalowa m'manja mwao pokhapo pamene pali chinyengo, monga munthu amene anatenga katundu ponama kuyambira pachiyambi, podzitcha dzina la wina kapena poonetsa mapepala abodza.

Njira yachitatu ndi ya kunyoza: kukafuula pakhomo la sitolo, kapena kuika chithunzi cha munthu pa Facebook ndi mau akuti mbala. Mtima umaphwa pang'ono, koma ndalama sizibwera, ndipo wonyozedwayo akhoza kukusumira mlandu woipitsa mbiri yake. Ukatero wadzisenzetsa milandu iwiri pamene unali ndi umodzi wokha, umene unali wako wopambana.

Kodi n'koyenera kusumira mnzako wa mu mpingo?

Mphwathu atamva kuti njira yotsala ndi ya malamulo, anaweramitsa mutu. "Amalume, anthu adzati chiyani akamva kuti ndawatengera kukhoti akuluakulu a mu mphakati mwanu?" Funso limeneli linativuta ifenso, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma tinaganiza motere. Paulo Woyera podzudzula akhristu a ku Korinto chifukwa chothamangira kumabwalo a milandu, ankafuna kuti abale ayambe ayesa kukonza nkhani pakati pao. Sankapereka chilolezo kwa wangongole kuti adye thukuta la mnzake mosaopa kanthu. Katekisimu amene timaphunzitsa ana amaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo ofuula kumwamba. Kukhululuka ngongole ndi mphatso yabwino, koma amapereka ndi mwini ndalama, mwaufulu, osati chifukwa cha mantha. Ndipo pano eni ndalama anali anai: mphwathu ndi anyamata ake atatu. Iye analibe ufulu wokhululuka m'malo mwao. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choyamba ndi umboni

Pangano la pakamwa la ntchito yotere ndi pangano ndithu pamaso pa malamulo. Vuto lake ndi lakuti woweruza sanalipo pamene inu munkapangana, ndipo sangagamule chifukwa cha misozi kapena kukweza mau. Amafuna kuona zinthu zitatu: kuti munapangana ntchito yakuti pa mtengo wakuti, kuti ntchitoyo inagwiridwa, ndiponso kuti mwa ndalamazo zakuti zinaperekedwa ndipo zakuti zatsala.

M'mawa mwake tinakhala pa khonde ndi kope la ana a sukulu, n'kuyamba kutolera. Mwamwai mphwathu anali ndi kabuku kamene ankalembamo masiku a anyamata ake ndi matumba a simenti olowa pa ntchito. M'foni mwake munali mauthenga a ndalama zonse zimene bamboyo anatumiza, lililonse ndi tsiku lake. Munalinso zithunzi za nyumbayo ili pa maziko, ili pa mawindo, ndiponso itafoleredwa. Koposa zonse, munali uthenga umodzi umene bamboyo analemba yekha, wopepesa ndi kulonjeza kuti zotsala apereka mwezi ukatha. Mboni zinalipo: anyamata atatu aja, ndi ifeyo amene tinamva mtengo ukutchulidwa. Tinaona kuti munthu amene ankadziyesa wopanda pepala anali ndi mapepala okwanira, kungoti anali omwazikana. Tikupempheni amisiri nonse: musamafufute mauthenga a m'foni, ndipo foni isanatayike kapena kuonongeka, kasindikizeni mauthengawo pa pepala.

Chachiwiri ndi kukambirana pamaso pa anthu

Tinapempha akuluakulu awiri a mu mphakati, bambo ndi mai, kuti aitane mbali zonse ziwiri. Kumudzi ntchito imeneyi ndi ya anyakwawa ndi nduna zao, ndipo milandu yambiri ya ngongole imathera pomwepo osafika kuboma. Bambo wa sitolo anabwera. Sanakane ngongole, koma anati khoma lina lang'aluka pulasitala, choncho akufuna kudulapo K5,000. Mphwathu anapsa mtima, koma akuluakulu anati tiyeni tikaone. Tinapeza kuti mng'alu ulipodi, ngakhale unali waung'ono. Apa pali phunziro kwa amisiri: wopatsa ntchito nayenso ali ndi ufulu wodandaula ngati ntchito ili yoperewera, ndipo kukhoti akhoza kupempha kuti mtengo wokonzera uchotsedwe pa ngongole. Mphwathu anavomera kukonza khomalo, ndipo analikonza m'masiku awiri.

Tsiku lomwelo la zokambirana tinachita chinthu chimene tikanachita pachiyambi. Tinalemba pa pepala kuti bambo uje akuvomera kuti ali ndi ngongole ya K25,000 kwa mmisiri uje, ya ntchito yomanga nyumba ya pa puloti yakuti, ndipo adzalipira pofika tsiku lakuti. Iye anasaina, mphwathu anasaina, ndipo akuluakulu awiriwo anasaina ngati mboni. Tsiku lolonjezedwa linafika n'kupita, ndalama osaoneka. Komabe msonkhanowo sunapite pachabe ai, pakuti pepala limenelo ndilo linadzakhala mwala wa pa maziko a mlandu wonse.

Chachitatu ndi kalata

Abulaza amene anatiphunzitsa ku Chassa ankati kalata yabwino ndi imene munthu wokwiya angaiwerenge osapezamo chomkwiyitsa china koposa zoona. Tinalemba kalata yaifupi, yopanda chipongwe ndi yopanda mau oopseza. Munali tsiku, maina, ntchito imene inagwiridwa, mtengo wopangana, ndalama zoperekedwa, ndalama zotsala, ndi mau akuti ngati sizilipidwa pasanathe masiku 14, nkhaniyi ipita kukhoti, kumene adzapemphanso chiongoladzanja ndi ndalama zoonongedwa pa mlandu. Tinalemba makope awiri. Limodzi anakapereka pamanja pali mboni, lina anasunga. Kalata yotere siifuna loya, ngakhale kuti ya loya imamveka msanga m'makutu a anthu ena. Ntchito yake ndi iwiri: kupatsa wangongole mpata womaliza, ndi kuonetsa woweruza kuti wodandaula sanathamangire kukhoti.

Kodi mlandu suola?

Makolo athu ankati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu mwina zili choncho. Koma m'makhoti a malamulo olembedwa mlandu wa ngongole umaola. Dziko la Zambia limatsata lamulo la ku England la chaka cha 1939 pa nkhani ya malire a nthawi, ndipo lamulo limeneli limapatsa munthu zaka zisanu ndi chimodzi zoti asumire mlandu wa pangano wamba, kuwerenga kuyambira tsiku limene ndalama zinayenera kulipidwa. Zaka zimenezi zikatha, wangongole akhoza kungouza khoti kuti nthawi inapita, ndipo mlandu umagwa ngakhale ngongoleyo ili yoona. Chothandiza ndi chakuti wangongole akavomera ngongole molemba n'kusaina, kapena akaperekako gawo lina la ndalamazo, zaka zija zimayamba kuwerengedwanso kuchokera tsiku limenelo.

Koma musati zaka zisanu ndi chimodzi ndi zambiri. Mboni zimasamuka ndi kumwalira, wangongole amagulitsa katundu wake, ndipo ndalama imaguga. Ife amene tinaona kukwera kwa mitengo kwa m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa mmene kwacha inafookera, mpaka pa 1 January 2013 boma linachotsa maziro atatu kuti K1,000 yakale ikhale K1. Ndalama imene igula matumba khumi a simenti lero sidzagula khumi zaka zitatu zikubwerazi.

Khomo liti?

Masiku 14 atatha popanda yankho, tinaperekeza mphwathu ku ofesi ya Legal Aid Board muno mu Chipata. Bungwe limeneli ndi la boma, limayendera lamulo la 2021, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza anthu osapata bwino ndi uphungu wa malamulo, nthawi zina ndi loya womuimirira munthu. Tinatuluka tikudziwa kuti makomo alipo angapo, ndi kuti kulowa khomo lolakwika kumataya nthawi ndi ndalama.

Pali ofesi ya za ntchito, imene ambiri amati kwa a leba. Kumeneko n'kwa munthu wolembedwa ntchito amene bwana wake wammana malipiro, motsata lamulo la za ntchito la 2019. Mmisiri wodziimira payekha, amene wapangana mtengo wa ntchito yonse ndipo amabwera ndi zida zake ndi anyamata ake, kawirikawiri sawerengedwa ngati wolembedwa ntchito. Wake ndi mlandu wa pangano. Mphwathu anazizidwa atazindikira kuti amene akanatha kupita kwa a leba ndi anyamata ake aja, kukadandaula za iye mwini.

Pali Local Court, khoti limene lili pafupi ndi anthu m'tauni ndi m'madera a mafumu, loyendera lamulo la 1966. Kumeneko munthu amagula chisamani, chimene ambiri kuno amati saimoni, pa mtengo wochepa. Amalankhula yekha m'chinenero chake, ndipo pa milandu yotere maloya saimirira munthu. Ndi khomo labwino kwa woumba njerwa kapena wolima ganyu amene wamanidwa ndalama zochepa. Koma mphamvu zake pa ndalama zili ndi malire, ndipo wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo kwa majisitireti pasanathe masiku 30.

Pali Small Claims Court, khoti lopangidwira ngongole zazing'ono. Lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1992, koma linayamba kuzenga milandu mu 2009, poyamba m'mizinda ikuluikulu ya m'mbali mwa njanji. Oweruza ake ndi maloya odziwa ntchito, koma odandaula ndi oyankha amadzilankhulira okha, ndipo cholinga chake ndi chakuti mlandu uthe msanga. Malire a ndalama a khoti lililonse amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho musanagule chisamani funsani kalaliki wa khoti. Kumbukiraninso kuti mlandu umazengedwa kumene wangongole amakhala kapena kumene ntchito inachitikira.

Pali khoti la majisitireti, ndipo ndi kumene mphwathu analowa. Pa ngongole yodziwika kuchuluka kwake pali chisamani chapadera: wodandaula amalemba chikalata cholumbirira chofotokoza ngongoleyo, n'kumangirirapo mapepala ake. Wangongole akachilandira amapatsidwa masiku oti avomere kapena akane. Akakana, mlandu umamvedwa ndi mboni; akangokhala chete, khoti likhoza kugamula iye palibe. Munthu akhoza kudziimira yekha kapena kutenga loya.

Pamwamba pa onsewa pali High Court, imene ilipo muno mu Chipata, ya milandu ya ndalama zambiri. Kuyambira mu 1997 khoti limeneli lili ndi njira yotumiza mbali ziwiri kwa mkhalapakati, ndipo zimene agwirizana zikalembetsedwa zimakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. A makontirakiti akuluakulu awerengenso bwino mapepala ao: ngati muli mau akuti mkangano udzapita kwa woweruza wapadera wosankhidwa ndi mbali ziwirizo, lamulo la 2000 limalola mbali ina kupempha khoti kuti liwabwezere kumeneko.

Chigamulo si ndalama

Tisakunamizeni, awerengi. Kupambana mlandu ndi chinthu china, kugwira ndalama m'manja ndi chinanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wogonja akapanda kulipira, wopambana amabwereranso kukhoti kukapempha chikalata cholandira katundu, chimene chimapita kwa Sheriff ndi mabelifu ake. Iwo ndiwo ali ndi mphamvu yolanda katundu wa wangongole ndi kumgulitsa pa okushoni. Khoti likhozanso kulamula banki, kapena munthu wina amene akusunga ndalama za wangongoleyo, kuti azipereke kwa wopambana. Likhoza kulamula kuti alipire pang'onopang'ono. Ndipo amene ali nazo koma akukana dala kumvera chigamulo akhoza kuitanidwa kukafotokoza za chuma chake, mpaka kutsekeredwa kwa kanthawi. Zonsezi zimafuna ndalama za khoti ndi masiku osiya ntchito. N'chifukwa chake musanasume dzifunseni ngati wangongoleyo ali ndi kanthu. Kusumira munthu wopanda ngakhale mbuzi n'kukama mwala.

Amene anagwirira ntchito boma adziwenso ichi: boma limasumiridwa kudzera mwa Attorney General, ndipo ngakhale mutapambana, lamulo silola mabelifu kulanda katundu wa boma. Mumadikira kuti lilipire potsata njira zake. Choncho pa ntchito yotere chuma chanu ndi mapepala: kontirakiti yosainidwa, chikalata chotsimikiza kuti ntchito yatha, ndi kope la pempho lanu la malipiro lodindidwa tsiku limene analilandira.

Mmene nkhani yathu inathera

Chisamani chitaperekedwa, panangopita masiku atatu, ndipo bambo wa sitolo anafika pakhomo pathu m'mamawa, nkhope itachita mdima. "Aphunzitsi," anatero, "mwandivula pagulu. Nkhani ya m'nyumba mwaitengera kwa anthu akunja." Tinamkhazika pansi n'kumuyankha kuti, "Bambo, m'nyumba tinayesa kawiri, ndipo pepala munasaina ndi dzanja lanu. A lendi akukulipirani mwezi ndi mwezi pa makoma amene anamanga ndi mwana uyu. Kodi ana ake adye ulemu wanu?" Anakhala chete kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake anaulula kuti malonda sanali kuyenda, ndi kuti pa anthu onse amene ankamfuna ndalama ankayamba kulipira amene ankawaopa. Mmisiri anamuika kumapeto chifukwa ankadziwa kuti sangachite kanthu. Mau amenewa sitidzawaiwala.

Mlandu sunafike pa kuitana mboni. Anagwirizana pamaso pa majisitireti kuti apereke K10,000 nthawi yomweyo, ndi K5,000 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu, pamodzi ndi ndalama zimene mphwathu anaononga kukhoti. Chiongoladzanja mphwathu anachisiya mwa kufuna kwake. Pamene tikulemba pano, magawo awiri alipidwa ndipo latsala limodzi. Ndalama zoyamba zinapita kwa anyamata atatu aja, wilibala inabwerera, ndipo kaloba inatsekedwa itabereka kale kuposa kawiri. Feteleza anagulidwa mochedwa, ndipo chimanga cha chaka chimenecho sichinabwezeke ndi chigamulo chilichonse. Mu mphakati timakumanabe. Moni amapatsana, koma wozizira. Sitikunena kuti zonse zinatha bwino. Tikunena kuti mphwathu sali m'ndende, ndipo anyamata ake analandira zao.

Tisanakumbe maziko

Kwa inu amisiri, mankhwala otsika mtengo koposa onse ndi tsamba limodzi la kope lolembedwa ntchito isanayambe. Lembani maina a nonse awiri ndi manambala a ziphaso zanu, malo a ntchito, ntchito yeniyeni imene mudzagwira, amene adzagula zipangizo, ndi mtengo wonse. Gawani malipiro potsata msinkhu wa ntchito: zakuti pa maziko, zakuti pa mawindo, zakuti pa denga, zakuti pa pulasitala, ndipo lembani kuti gawo lina likapanda kulipidwa ntchito idzaima. Musalole kuti ndalama zambiri zitsalire kumapeto, pakuti makiyi akachoka m'manja mwanu mphamvu yanunso yachoka. Mwini nyumba akaonjezera ntchito, monga khonde kapena mpanda, lembani mtengo wake tsiku lomwelo. Sainani nonse pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge kope lake. Munthu woona mtima sakhumudwa ndi pepala, chifukwa limateteza iyenso kwa mmisiri wothawa ntchito atadya ndalama.

Kwa ife opatsa ntchito, tiyeni tidzifunse. Kodi palibe telala amene anatisokera zovala za ukwati ndipo mpaka lero timamzemba ku msika wa Kapata? Kodi m'makomiti athu a zomangamanga mulibe kalipentala amene anakhoma mabenchi, ife n'kumamuuza kuti apirire chifukwa ndi ntchito ya Mulungu? Ngati ndalama zavuta, pitani nokha kwa mmisiri asanakufuneni, muuzeni zoona, mpatseni zochepa zimene muli nazo, ndipo lembani tsiku la zotsala. Chimene chimawawa wantchito koposa kuchedwa ndi foni yosayankhidwa.

Sabata yapitayi mphwathu anabweranso, nthabwala zake zitabwerera. Wapeza ntchito ina, yomanga mpanda kwa mai wina amene ndi wachibale wathu ndithu. Anatulutsa kope ndi cholembera naziika patsogolo pathu. "Amalume, kodi pakati pa achibale pepala n'lachiyani?" anatifunsa akuseka. Sitinamuyankhe. Tinangovala magalasi athu, n'kulemba tsiku pamwamba pa tsamba.

Tikumanenso mwezi wa mawa.